Mphala ya Olemba: Mbiri ya Achinyamata ndi Magulu Awo a Zolembalemba

Aphunzitsi ndi ana asukulu nonse, m'phunziro lathu la mbiri lero tikamba za anyamata ndi atsikana osinkhuka, ndi za magulu amene iwo anakhalamo chifukwa chokonda kulemba. Tiyambira pa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa m'dziko la Zambia. Malo ameneŵa amadziŵika ndi akasupe a madzi otentha amene amatumphuka m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East Road. Msewu umenewu umachokera ku Lusaka, kudzera pa Chongwe ndi pa Chinyunyu, kuoloka mtsinje wa Luangwa, kudutsa maboma a Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka ku Chipata, ndipo kuchokera kumeneko umakafika m'malire a Malaŵi. Eni dera la Chinyunyu ndi Asoli, koma Chinyanja, chimene ku Malaŵi chimatchedwa Chicheŵa, chimamveka ponseponse m'njira imeneyi ndipo chimaphunzitsidwa m'sukulu. Ambiri mwa makalata ndi magazini amene titchule m'nkhani ino ankayenda pa msewu womwewu.

Gowelo ndi kuka

Kale, sukulu zisanafike, mwana wa m'midzi ya Acheŵa, Ansenga ndi mitundu ina yoyandikana nawo akasinkhuka sankagonanso m'nyumba ya makolo ake. Anyamata ankagona pamodzi m'gowelo, imene ena amaitcha mphala, ndipo atsikana ankagona ku kuka, pafupi ndi agogo awo aakazi. Usana wonse unali wa ntchito. Anyamata ankalima, kuŵeta mbuzi ndi kukumba mbeŵa m'chilimwe, pamene atsikana ankatunga madzi, kutola nkhuni, kusinja ndi kulera ang'ono awo. Madzulo ndiyo inali nthaŵi yawoyawo, yophererana zilapi ndi kukambirana nthano.

Taonani mmene nthano inkayendera. Wokamba akayamba ndi mawu akuti "Padangokhala", onse ankavomera kuti "Tilitonse", ndipo ankabwereza yankho limeneli nthano yonse mpaka kumapeto. Omvera akaleka kuvomera, wokamba ankadziŵa kuti anzake agona kapena nthano yake siikukoma, ndipo nthanoyo inkafera panjira. Akatha mmodzi, wina ankayamba yake. Motero mwana ankaphunzira luso la kukamba chifukwa anali ndi anzake omumvera, omuyankha ndi omuongola akasokoneza. Kumbukirani mfundo imeneyi, pakuti magulu onse a olemba amene anadza pambuyo pake anakhazikika pa iyo.

Kalata ndi wayilesi

Amishoni atatsegula sukulu, ana anayamba kudziŵa kulemba ndi kuŵerenga makolo awo asanadziŵe. Pa nthaŵi yomweyo amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya Copperbelt, ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Kalata ikabwera kuchokera kumeneko, amayi kapena agogo ankaitana mwana wasukulu kuti awaŵerengere, ndiponso kuti alembe yankho. Chotero mnyamata kapena mtsikana wa zaka 14 ankakhala mlembi wa mudzi. Ankasunga zinsinsi za akuluakulu, ndipo ankaphunzira kusankha mawu oyenera pouza munthu wakutali za maliro, za njala kapena za kubadwa kwa mwana.

M'chaka cha 1936 boma la Northern Rhodesia linayamba kusindikiza nyuzipepala yotchedwa Mutende, imene inali ndi nkhani m'Chingerezi ndi m'zilankhulo za anthu akuda, kuphatikizapo Chinyanja. M'chaka cha 1941 wayilesi inayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Lusaka. Koma anthu akumidzi analibe mawayilesi, kufikira m'chaka cha 1949 pamene kunabwera wayilesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special. Inapatsidwa dzina limeneli chifukwa inali yobulungira ngati sefuliya. Mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma, Harry Franklin, ndiye analimbikitsa kampani ya Ever Ready ku Britain kuti iipange. Wayilesiyo inkagulidwa mapaundi 5, ndipo batire lake masheleni 25.

Nyumba ya wayilesi ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inkamveka ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Omvera anayamba kuilembera makalata ochuluka. M'pologalamu yotchedwa Zimene Mwatifunsa ankapempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale, ndipo oulutsa mawu monga Alick Nkhata, amene analinso woimba wotchuka, anasanduka ngati anansi a m'nyumba iliyonse. Apa panabadwa chinthu chachilendo. Anthu amene sanaonanepo ndi maso anayamba kudziŵana maina, chifukwa ankamva makalata a anzawo akuŵerengedwa kaŵirikaŵiri.

Musaganize kuti kulemba kalata yotere kunali kopepuka kwa mwana wakumudzi. Iye ankadzuka m'mamaŵa kukathandiza kumunda, nkuyenda mtunda wautali kupita kusukulu, ndipo pobwerera ankapeza ntchito zina zikumudikira. Pepala ankachita kung'amba m'kope lake. Ndalama ya envulopu ndi sitampa ankaipeza atagulitsa nkhuku, zipatso kapena mbeŵa, kapena atalima ganyu. Positi ofesi inali kutali, choncho kalata ankaipatsira munthu wapaulendo, ndipo yankho linkabwera kudzera pa keyala ya sukulu kapena ya mishoni patapita milungu. Amene ankapirira zonsezi mwezi ndi mwezi ankatero chifukwa ankadziŵa kuti kwinakwake kuli anzake amene akuyembekeza kumva mawu ake.

Magulu a olemba m'Zambia

Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. M'chaka chomwecho ku Lusaka kunayamba gulu lotchedwa New Writers' Group, limene linkasindikiza ndakatulo ndi nkhani zazifupi m'magazini ya New Writing from Zambia. M'chaka cha 1966 University of Zambia inatsegulidwa, ndipo posakhalitsa ophunzira ena a kumeneko anapanga gulu lawo, nalitcha Mphala Creative Society. M'chaka cha 1968 gululi linayamba kutulutsa magazini yotchedwa The Jewel of Africa. Ngakhale ankalemba kwambiri m'Chingerezi, dzina la gulu lawo linali lakwathu. Mphala ija ya kumudzi, mokhala anyamata ndi kusinthana nthano, inali italoŵa m'sukulu yaikulu koposa m'dziko.

Pa wayilesi namonso munali zokoma. Kuyambira 1966 mpaka 1976 Julius Chongo ankakamba nkhani zake m'Chinyanja m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo. Iye yekha ankasintha mawu ake kukhala a nkhalamba, a mwana kapena a nyama. Ana amene ankaunjikana pa wayilesi imodzi m'mudzi anaona kuti chilankhulo cha kunyumba nachonso chikhoza kunyamula nkhani yolembedwa mwaluso.

Ana a m'sukulu za pulayimale ndi sekondale anapezanso malo awo. M'chaka cha 1971 Unduna wa Maphunziro unayamba kusindikiza magazini ya achinyamata yotchedwa Orbit, imene inali ndi nkhani za sayansi, nkhani za zithunzi ndi makalata a oŵerenga. M'chaka cha 1972 bungwe la Wildlife Conservation Society of Zambia linayambitsa magulu a Chongololo m'sukulu za pulayimale, pamodzi ndi magazini yophunzitsa ana za nyama, mitengo ndi nthaka. M'chaka cha 1978 linayambitsanso pologalamu ya pa wayilesi yotchedwa Chongololo Club of the Air, ndipo ana ankalemba makalata opempha kukhala mamembala, kufunsa mafunso ndi kufotokoza zimene aona m'tchire la kwawo. Magazini imodzi ikafika pasukulu yakumudzi inkayenda m'manja mwa ana ambiri mpaka kuperepeseka.

Si magulu onse amene anakhalitsa. The Jewel of Africa inatuluka zaka zoŵerengeka chabe. New Writing from Zambia inaleka kutuluka cha m'ma 1975, nthaŵi imene mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo mapepala ndi ntchito yosindikiza zinakwera mtengo. Gulu la ophunzira lilinso ndi vuto lakelake, pakuti mamembala ake amamaliza sukulu ndi kubalalika. Ngati akuluakulu a gulu sanaphunzitse ang'ono awo kuliyendetsa, gululo limatha pa tsiku limene iwo achoka.

Kukhulupirika pa nthaŵi yovuta

Tsopano titsate msewu uja mpaka ku Malaŵi, kumene kukhulupirika kwa olemba achinyamata kunayesedwa kwambiri. M'chaka cha 1970 ophunzira a pa Chancellor College, imene panthaŵiyo inali ku Blantyre isanasamukire ku Zomba m'chaka cha 1973, anayambitsa gulu la Writers Group. Ena mwa iwo anali Jack Mapanje, Lupenga Mphande, James Ng'ombe ndi Frank Chipasula, ndipo aphunzitsi monga David Kerr ndi Landeg White ankakhala nawo. Ankakumana mlungu uliwonse. Wolemba ankabweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, anzake nkuiŵerenga, nkumuuza poyera pamene yakoma ndi pamene yafooka. M'chaka cha 1971 anatulutsa kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau.

M'masiku amenewo boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda silinkalola munthu kulidzudzula. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loŵerenga ndi kuletsa mabuku, ndipo m'misonkhano ya anthu munkakhala akazitape. Kuŵerenga ndakatulo pamaso pa anzako kunali kuika moyo wako m'manja mwawo. Olemba achinyamatawo anabwerera ku nzeru za m'gowelo. Anayamba kulankhula mophiphiritsa monga zimachitira nthano ndi zilapi, kutchula bilimankhwe, mbalame ndi mizimu ya m'mapiri pamene akunena za anthu ndi za dziko.

Ena anathaŵira kunja. Frank Chipasula anadza ku Zambia, kumene buku lake la ndakatulo, Visions and Reflections, linasindikizidwa ku Lusaka m'chaka cha 1972, ndipo anamaliza maphunziro ake pa University of Zambia. Jack Mapanje anasindikiza buku la Of Chameleons and Gods ku London m'chaka cha 1981. Mu Seputembala 1987 anamangidwa ndi kutsekeredwa m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. M'ndendemo ankapeka ndakatulo ndi kuzisunga pamtima. Anzake amene anaŵerenga naye limodzi ali achinyamata, ena a iwo ali kunja kwa dziko, sanamuiŵale. Pamodzi ndi olemba a m'maiko ambiri analemba makalata osaŵerengeka opempha kuti amasulidwe, ndipo anatuluka mu Meyi 1991. Ubwenzi umene unayamba pa kuongolerana ndakatulo unathandiza kutsegula chitseko cha ndende.

Phunziro kwa ife

Mbiri imeneyi itisonyeza kuti wolemba sakula yekha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. M'gowelo, pa wayilesi, m'magazini ndi m'chipinda cha ku koleji, gulu linkakhala ndi moyo pamene mamembala ake ankachita zinthu zinayi: kubwera nthaŵi zonse, kubweretsa zolemba zawo m'malo mongomvera za ena, kulandira chidzudzulo popanda kukwiya, ndi kusataya mnzawo pa mavuto. Kukhulupirika kumeneku sikutanthauza kuyamikira chilichonse chimene mnzako walemba. Amene amakuuza pamene walakwitsa ndiye waŵerenga ntchito yako mosamala. Sikutanthauzanso kuthaŵa ntchito za pakhomo kapena za m'kalasi. Achinyamata amene tawatchula ankalemba atatsiriza kutunga madzi ndi kutsekera mbuzi, ndipo ntchito zomwezo ndi zimene zinkawapatsa nkhani zolemba.

Inu aphunzitsi, gulu lotere silifuna ndalama zambiri. Sankhani tsiku limodzi pa mlungu, ana akatuluka m'kalasi. Ana aŵiri kapena atatu aŵerenge zimene alemba, ndipo anzawo anene chinthu chimodzi chimene chakoma ndi chimodzi choyenera kukonza. Zolemba zabwino muzimate pakhoma, ndipo pakutha pa teremu muzisoke pamodzi kukhala buku la sukulu. Ana a giredi 7 aphunzitse a giredi 5 kuyendetsa msonkhano, kuti gulu lisathe iwo akachoka. Ngati nkotheka, sinthanani makalata ndi sukulu ina ya m'mbali mwa msewu, kaya ku Chongwe, ku Nyimba kapena ku Katete.

Inu ana, nkhani zoti mulembe zili pafupi nanu. A ku Chinyunyu, funsani agogo anu zimene makolo awo ankanena za akasupe otentha aja, maina a mapiri ndi mitsinje m'Chisoli ndi matanthauzo ake, ndiponso mmene anthu ankayendera kupita ku Lusaka msewu usanaikidwe phula. A kumadera ena, funsani za malo a kwanu. Zambiri mwa nkhani zimenezi zili m'mitu ya okalamba okha, ndipo wokalamba akamwalira amapita nazo. Lembani zimene mwamva, muŵerengere anzanu, iwo akuongoleni, kenaka mubwerere kwa agogo aja mukawaŵerengere kuti atsimikize ngati mwalemba zoona.