Emergency Order 31

Lamulo la mwadzidzidzi limene bungwe loona za njanji ku America, Federal Railroad Administration, linapereka kwa kampani ya Amtrak pa 21 Meyi 2015 pofuna kuletsa sitima zonyamula anthu kuthamanga mopyola muyeso pa malo okhota.

Linadza kaamba ka ngozi ya pa 12 Meyi ku Frankford Junction, mumzinda wa Philadelphia. Sitima nambala 188, yochokera ku Washington kupita ku New York, inalowa pokhota ikuthamanga makilomita pafupifupi 170 pa ola, pamalo pamene malire ake anali 80. Inachoka m'njanji, mabogi n'kugwa cham'mbali; anthu 8 anamwalira ndipo oposa 200 anavulala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti makina ogwira mabuleki okha dalaivala akapyola malire analipo kale pamalopo, koma ankateteza sitima zolowera kum'mwera zokha. Lamuloli linakakamiza Amtrak kuwatchera kuti agwirenso zolowera kumpoto. Linaiuzanso kuunika malo onse okhota pa njanji ya Northeast Corridor pamene liwiro limatsika kwambiri mwadzidzidzi, ndi kuonjezera zikwangwani za liwiro m'mphepete mwa njanji.