Buku la zilembo zinayi: mbiri ya bioinformatics m'kalasi

Inu okonda zilembo, sabata ino ndakutengerani mbiri ya buku lolembedwa ndi zilembo zinayi basi: A, C, G ndi T. Zilembozi zimaimira tizigawo ta DNA, nkhokwe ya malangizo a chamoyo chilichonse, kaya ndi inuyo, chimanga kapena kachilombo ka malungo. Luso lowerenga bukuli pa kompyuta ndilo amati bioinformatics.

Kale, wophunzira biology pa yunivesite zida zake zinali maikulosikopu, kampeni kotumbulira chule ndi pensulo. Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1950, Frederick Sanger wa ku Cambridge atapeza mndandanda wa tizigawo 51 topanga insulin. Ena anatsatira ndi mapuloteni ena, koma zimene ankapezazo zinangoti balala m'magazini a sayansi. Mayi wina wa ku America, Margaret Dayhoff, anazisonkhanitsa ndi makompyuta a makadi obowola, ndipo mu 1965 anatulutsa buku la mapuloteni 65. Mayiwa anali katswiri wa chemistry. Maphunziro a bioinformatics kunalibe, ngakhale dzinalo kunalibe. Anadzalipeka mu 1970 ndi Paulien Hogeweg ndi Ben Hesper ku Netherlands.

Mu 1977 Sanger yemweyo anapeza njira yowerengera DNA. Mu 1982 nkhokwe ya GenBank inatsegulidwa ku America, ndipo mu 1990 kunabwera BLAST, pulogalamu yofufuzira zilembo zofanana m'nkhokwemo. Pofika 2003 asayansi analengeza kuti awerenga DNA ya munthu, zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Tangoganizani, mutamawerenga chilembo chimodzi pa sekondi, osadya osagona, mungathe zaka 95.

Apa m'pamene mayunivesite anazindikira kuti pensulo yachepa. Vuto n'lakuti ambiri osankha biology amakhala atathawa masamu. Lero akuwauza kuti akhale pa kompyuta, alembe malamulo pa Linux, aphunzire Python kapena R, afananize DNA ya tizilombo tiwiri n'kupeza pamene yasiyana. Poyamba munthu thukuta limatuluka ndithu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Africa kuno, bungwe la SANBI linakhazikitsidwa mu 1996 pa University of the Western Cape ku South Africa. Mu 2012 kunayamba H3ABioNet, mgwirizano wa mabungwe a m'mayiko ambiri a muno, wotsogoleredwa ndi Nicola Mulder wa ku Cape Town. Kuyambira 2016 anayambitsa kosi ya oyamba kumene: mphunzitsi amaphunzitsa pa intaneti, ophunzira n'kusonkhana m'makalasi kwawo komweko, owathandiza ali pambali.

Mwina mukuti, zikutikhudza chani ife? Mu 2004 ku Blantyre, m'magazi a mwana wodwala munapezeka kachilombo ka Salmonella. Ofufuza a kuno ndi a ku Britain anagwirira limodzi ntchito, DNA yake n'kukawerengedwa ku Sanger Institute. Zotsatira zinatuluka mu 2009: unali mtundu wapadera, ST313, wolowa m'magazi komanso wosamva mankhwala angapo. Kachilombo kanali kathu, odwala anali athu, koma makina owerengera anali kutsidya kwa nyanja.

Yerekezani ndi November 2021. Asayansi a ku Botswana ndi South Africa anawerenga okha DNA... pepani, kachilombo ka Covid-19 kamasunga malangizo ake mu RNA, m'bale wake wa DNA. Anawerenga okha, n'kuchenjeza dziko lonse za Omicron. Zinatheka chifukwa anthu anaphunzitsidwa kale.

M'mera mpoyamba. Ngati muli ndi mwana kapena mng'ono wanu amene akuchita biology, mufunseni ngati anatsegulako GenBank. Ndi yaulere, imangofuna bandulo. Inu alembi mukudziwa bwino kuti munthu wosatha kuwerenga, kalata yake yomwe amamuwerengera ndi ena.