Gorodi, Msewu wa ku Khondowe

Malungo atawavuta ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, Dr Robert Laws ndi anzake anasankha phiri la Khondowe m'chaka cha 1894 kuti amangepo Livingstonia. Kumtundako mphepo inali yabwino, madzi a Manchewe ali pafupi, koma sitima inkatula katundu kunsi kunyanja, pa Florence Bay, pamene sukulu inali mamita oposa 700 pamwamba pake. Kwa zaka ngati khumi malata, mabuku ndi mchere zinkakwera phirilo pamitu ya amtengatenga.

Msewu wa Gorodi unatha m'chaka cha 1905. Ine ndinaukwera pa Land Rover kuchokera pa Chitimba, ulendo wa makilomita pafupifupi 15 okha, koma giya yachitatu sindinaiwone. Makona alipo 20. Pa ena galimoto silikhota kamodzi. Umabwerera m'mbuyo pang'ono, matayala akugwetsera miyala kuphompho, ndiye nkuyesanso. Anzanga ankati nyanja ikukongola kumbuyoku. Ndinangowakhulupirira, popeza maso anga sakanachoka pansi.

Poyamba ndinkang'ung'udza kuti woyeza msewuwu analibe chisoni. Koma iye sankaganiza za galimoto ai. Ankaganiza za ng'ombe zokoka ngolo, zimene sizingalimbane ndi chitunda molunjika. Kukhotakhota konseko nkunyengerera ng'ombe, ndipo ife a injini tikungotsata mapazi ake.

Chimene chimandiŵaŵa nchakuti tikamakamba za Gorodi timatchula Laws basi, ngati anagwira yekha khasu. Anthu amene anaswa matanthwe ndi kusenza dothi, ana a m'midzi ya kumapiriko ndi ya m'mphepete mwa nyanja, timangowatcha "antchito". Inu a mbiri pano pakoleji, mwafunsako nkhalamba za kwa Aphoka zimene agogo awo ankasimba?

Tisaiŵalenso kuti msewu wokwerawo ndi womwewo wotsikira. Amishoni anaukonza kuti zinthu zifike pamwamba, koma pa Khondowe panatsika anthu amene anadzasautsa maboma a atsamunda. Clements Kadalie anachoka pamenepa nakayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba anali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo mu 1944 anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress.