Ebenezeri: Mwala wa Chithandizo pa Malo a Manyazi

Mwa maina a malo a nkhondo amene timaŵerenga m'Chipangano Chakale, Ebenezeri ndi limodzi mwa okondedwa kwambiri. Timaliwona pa zipupa za matchalitchi ndi za masitolo, ndipo ambiri amaliyesa liu la chikondwerero chokhachokha. Koma tikatsekula Buku Loyamba la Samuele, tipeza kuti dzinali likutchulidwa koyamba pa tsiku limene Aisraele adagonja mochititsa manyazi.

M'Chihebri *eben* ndi mwala, ndipo *ezer* ndi chithandizo. Kaŵirikaŵiri Malembo amatchula *ezer* ponena za Mulungu mwini, amene amapulumutsa munthu wosoŵa pogwira. Muzu womwewo uli m'dzina la Eleazara, ndiye kuti Mulungu wathandiza, dzina limene m'Chigriki lidasanduka Lazaro.

Nkhondoyo idachitika cha m'ma 1050 Khristu asanabadwe. Afilisti adamanga zithando zao ku Afeki, pafupi ndi magwero a mtsinje wa Yarkon, pamene Aisraele adamanga zao ku Ebenezeri. Akatswiri ena amati malowo ndi Izbet Sartah, kamudzi ka pa chitunda kuvuma kwa Afeki, kamene Moshe Kochavi ndi Israel Finkelstein adafukula kuyambira 1976 mpaka 1978.

Mutu 4 ukusimba kuti pa nkhondo yoyamba padafa Aisraele ngati 4,000. Akuluakulu adafunsa chifukwa chimene Chauta adalolera kuti agonje, koma yankho sadaliyembekeze. Adatuma anthu ku Silo kukatenga Bokosi la Chipangano, ndipo lidabwera pamodzi ndi Hofeni ndi Finehasi, ansembe aja amene ankalanda nyama ya nsembe. Anthu adafuula mpaka dziko kugwedezeka, poganiza kuti Mulungu sangalephere kuŵamenyera nkhondo pamene Bokosi lake lili pakati pao. Tsiku limenelo padafa asilikali 30,000, Bokosi lidalandidwa, ansembe aŵiriwo adaphedwa, ndipo bambo wao Eli, nkhalamba ya zaka 98, atamva uthengawo adagwa pampando nathyoka khosi. Aisraele anali atasandutsa chizindikiro cha Chipangano kukhala chithumwa.

Afilisti atabweza Bokosilo, lidakhala ku Kiriyati-Yearimu, ndipo padapita zaka 20. M'mutu 7 Samuele sakuitanitsa Bokosi konse. Akulamula anthu kuti achotse milungu yachilendo, ndipo ku Mizipa akusala zakudya, akuulula machimo ao, Samuele napereka mwanawankhosa ngati nsembe yopsereza. Afilisti atayandikira, Chauta adaŵasokoneza ndi mabingu, ndipo adathaŵa. Pamenepo Samuele adaimika mwala, nautcha Ebenezeri, pofuna kuchitira umboni kuti Chauta anali ataŵathandiza kufikira pamenepo.

Mizipa ali ku mapiri, kumpoto kwa Yerusalemu, kutali ndithu ndi Afeki. Tsono mwala wa Samuele uyenera kuti udaimikidwa pa malo ena, osati pamene padachitikira nkhondo yoyamba ija. Komabe mlembi woyera wapereka dzina limodzi ku malo a kugonja ndi ku malo a kupambana, kuti woŵerenga asakumbukire chimodzi naiŵala chinzake. Aisraele ataŵerengera Bokosi popanda kutembenuka mtima adagonja; atalapa popanda Bokosi adapulumuka. Patapita zaka mazana anai ndi mphambu, mneneri Yeremiya adakumbutsa anthu a ku Yerusalemu za kuwonongeka kwa Silo, chifukwa nawonso ankayesa kuti Nyumba ya Mulungu idzaŵatchinjiriza ngakhale apitirize kuchita zoipa (Yer. 7).

Nkhaniyi ikutikhudza ife ansembe ndi aseminale kuposa ena onse, pakuti ndife timanyamula zinthu zoyera. Akhristu amabwera kudzapempha madzi odalitsidwa, korona ndi medulo, ndipo Eklezia amavomereza zimenezi ngati zizindikiro za pemphero lake. Koma tikamazipereka osaphunzitsa kulapa ndi chikhulupiriro, anthu adzazisunga monga m'mene ankasungira zithumwa. Tikamapereka Nsembe ya Misa moyo wathu uli ngati wa ana a Eli, tisayese kuti kuyera kwa guwa kudzatibisa.

Mwala wa Samuele ukunena za chithandizo chimene Mulungu wapereka kale. Sukutipatsa chilolezo choti timlamule za maŵa. Pa chikondwerero cha parishi kapena cha unsembe, tikamatchula dzina la Ebenezeri, tikumbukirenso anthu 34,000 amene adagwa pafupi ndi Afeki, ndipo tiyambe ndi kuulula machimo athu monga adachitira Aisraele ku Mizipa.