Mbiri ya Malipiro a Zipatala ku United States

Pamene boma la United States linkakhazikitsa Medicare mu 1965, yomwe ndi inshuwalansi ya boma yolipirira chithandizo cha anthu a zaka 65 kapena kuposerapo, linangotengera mchitidwe umene unalipo kale, wolipira dokotala pa ntchito iliyonse payokha ndi kubwezera chipatala ndalama zimene chagwiritsa ntchito pa wodwala. Mwa njira imeneyi chipatala chimene chinkagoneka munthu masiku ambiri ndi kumuyeza kambirimbiri chinkapindula kuposa chimene chamuchiritsa msanga, ndipo ndalama za boma zinayamba kutuluka mopitirira muyeso.

Kusintha koyamba kwakukulu kunabwera mu 1983, pamene Medicare inayamba kugwiritsa ntchito magulu a matenda otchedwa DRG, amene anakonzedwa ndi Robert Fetter ndi John Thompson a ku yunivesite ya Yale. Matenda ofanana pa kuvuta kwake ndi pa zofunika powachiza anaikidwa m'gulu limodzi lokhala ndi mtengo wokhazikika, kotero kuti chipatala chinkalandira ndalama yomweyo kaya wodwalayo wagona masiku atatu kapena khumi. Masiku ogonekedwa anachepadi, koma panabuka dandaulo lakuti odwala ena ankatulutsidwa asanapeze bwino, n'kubweranso patangopita masabata ochepa, chipatala n'kulandiranso malipiro ena.

Apa ndi pamene panakula ganizo lakuti malipiro azitsatira ubwino wa chithandizo, ganizo limene Michael Porter ndi Elizabeth Teisberg analimveketsa m'buku lawo la 2006 lotchedwa Redefining Health Care, momwe ubwinowo anaufotokoza monga kuchira kwa wodwala poyerekeza ndi ndalama zimene zalowapo. Lamulo la zaumoyo la 2010, limene ambiri amangolitchula kuti Obamacare, linalola madokotala ndi zipatala kupanga magulu osamalira anthu odziwika chiwerengero, ndi kugawana ndi boma ndalama zimene apulumutsa ngati chisamaliro chawo chafika pa mlingo wofunika. Kuyambira mu Okutobala 2012 zipatala zimene odwala mtima kapena chibayo ankabwererako mochuluka pasanathe masiku 30 zinayamba kudulidwa malipiro, ndipo chilangocho chinakwera pang'onopang'ono kufika pa 3 peresenti. Ganizo lofananalo linafikanso ku Malawi mu 2013, kudzera mu ndondomeko yolipira zipatala molingana ndi zotsatira pa chisamaliro cha amayi oyembekezera ndi makanda m'maboma a Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu, mothandizidwa ndi Germany ndi Norway.

Vuto la njirayi lagona pa kuyeza, pakuti kuwerenga maopaleshoni n'kosavuta pamene kuchira kumadalira zambiri zimene dokotala sangazilamulire, monga nyumba imene wodwala akubwererako, chakudya chake ndiponso ngati ali ndi womusamalira. N'zosadabwitsa kuti ku United States chilango chija chinagwera kwambiri zipatala zothandiza osauka, zomwe ndi zimene zinkasowa ndalama kale, ndipo kunali kulakwa kuziyeza ndi muyeso umodzi ndi zipatala za m'madera olemera. Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inakonza zimenezi mu 2016, ndipo kuyambira mu Okutobala 2018 chipatala chilichonse chimayerekezedwa ndi zinzake zokhala ndi gawo lofanana la odwala osauka, m'magulu asanu.