Dambo la Marievale ku Nigel: Mbiri ya Malo Amene Anthu Anawasunga

Mzinda wa Nigel uli kum'mawa cha kumwera kwa Johannesburg, m'dera limene makolo athu opita ku Joni ankalidziwa ndi dzina lakuti East Rand, koma masiku ano likutchedwa Ekurhuleni. Golide anapezeka pamalopo m'chaka cha 1886, ndipo m'chaka cha 1888 mwini munda, Petrus Johannes Marais, anakhazikitsa kampani ya mgodi imene inapatsa mzindawo dzina lake. Pambuyo pake panatsegulidwa migodi yina, monga Sub Nigel ndi Marievale, ndipo pakati pa anthu amene anatsikira m'migodi ya m'deralo munali amuna ambiri a ku Nyasalande, ena olembedwa ndi Wenela, ena odzipitira okha. Pofika chaka cha 1973 Amalaŵi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000. Nchifukwa chake mbiri ya nthaka ya ku Nigel itikhudza ifenso.

Chiyambi cha dambo

Pafupi ndi mzindawo padutsa mtsinje wa Blesbokspruit, umene madzi ake amakathira mu Suikerbosrand, napitirira kukalowa mu Vaal. Kale unali kamtsinje kakang'ono koyenda pakati pa udzu, kopanda dambo lalikulu. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1930, pamene migodi inakula, anthu anamanga miseu ndi milatho yodutsa pamtsinjewo, ndipo zomangazo zinatchinga madzi. Nthawi yomweyo migodi, mafakitale ndi mizinda zinayamba kutayira madzi ambiri mumtsinje. Madzi anasefukira, nafalikira m'chigwa, ndipo panamera bango ndi njedza. Posakhalitsa panafika abakha, atsekwe, akakowa ndi mbalame zofiirira za miyendo yaitali zotchedwa flamingo. Panafikanso timbalame ta m'matope timene timachokera ku Ulaya ndi ku Siberia chaka ndi chaka pothawa chisanu cha kwao. Motero ntchito ya golide, imene inaononga nthaka yambiri, inabala dambo popanda munthu kulinga kutero.

Mphatso ndi zopereka

Malo otere, okhala pakati pa migodi ndi mizinda, sakhalitsa ngati palibe owalankhulira. Amene analankhulira dambo la ku Nigel anali anthu wamba okonda mbalame, makamaka a m'bungwe losamala zachilengedwe limene linayamba m'chaka cha 1926, lodziwika lero ndi dzina lakuti WESSA, ndipo nthambi yake yina inali ya ku Springs ndi Nigel. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya mgodi wa Marievale inapereka gawo la malo ake ku boma la chigawo cha Transvaal, ndipo panakhazikitsidwa malo osungirako mbalame a Marievale, amene kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 1,000. M'chaka cha 1986 dambo la Blesbokspruit, la mahekitala 1,858, linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, monga mwa pangano limene maiko anapangana ku Ramsar m'dziko la Iran m'chaka cha 1971.

Pano pali mfundo yoyenera kuigwiritsa. Kupereka malo kunachitika kamodzi, ndipo kulemba dzina m'kaundula kunachitikanso kamodzi. Koma tinyumba toonera mbalame timafuka, njira zimamera thengo, mpanda umagwa. Zimenezi zimafuna ndalama ndi manja chaka chilichonse, ndipo thumba la boma silikwanira nthawi zonse. Mpata umenewu unatsekedwa ndi zopereka za mamembala a mabungwe, mphatso za makampani, ndi masiku amene anthu anagwira ntchito popanda malipiro. Chitsanzo china chili ku Benoni, m'dera lomwelo, kumene anthu okhala mozungulira thamanda la Korsman anapanga bungwe laolao, nasonkha ndalama zokonzera mpanda ndi kuzula zomera zachilendo zimene zinali kupha zomera za pamalopo.

Tsoka lodzera m'madzi

Chiyeso chachikulu chinadza m'zaka za 1995 ndi 1996. Mgodi wa Grootvlei, kumtunda kwa mtsinje pafupi ndi Springs, unayamba kupopa madzi ochuluka a pansi pa nthaka, odzala ndi mchere ndi chitsulo, ndi kuwatayira mu Blesbokspruit. Dambo linafiira ndi matope. M'chaka cha 1996 malowo anaikidwa pa mndandanda wa Montreux, umene ndi mndandanda wa madambo amene ali pangozi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: mpanda ungatchinge mlenje ndi ng'ombe, koma sungabweze madzi oipa ochokera kumtunda. M'chaka cha 2011 mapampu a ku Grootvlei analeka kugwira ntchito, ndipo madzi anayamba kukwera m'migodi yosiyidwa. Boma linamanga malo aakulu oyeretsera madzi a m'migodi ku Springs, amene anatsegulidwa m'chaka cha 2017. Pa zaka zonsezi anthu odzipereka ndiwo amene sanaleke kuwerenga mbalame, kulemba zimene anaona, ndi kudandaula kwa olamulira.

Phunziro la kwathu

Kwathu kuno ntchito yotere si yachilendo. Makolo athu anasunga nkhalango za kumanda popanda kalata ya boma, pakuti mudzi wonse unagwirizana kuti nkhwangwa isalowemo chisawawa. M'chaka cha 1947 kunayambanso bungwe la Nyasaland Fauna Preservation Society, limene linalimbikira kuti malo monga Mwabvi ndi Majete atetezedwe. Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh, limene linalembedwa m'chaka cha 2017, zili m'kaundula yemweyo wa Ramsar pamodzi ndi Blesbokspruit.

Tsono abale, pamene mudzi kapena bungwe liganiza zosonkha ndalama kuti lisunge phiri, dambo kapena nkhalango, mbiri ya ku Nigel ifunsa mafunso awiri. Loyamba: pambuyo pakupeza malowo, adzapereka ndani chaka chamawa ndi zaka zotsatira? Lachiwiri: kodi anthu a kumtunda kwa mtsinje aitanidwa ku msonkhano? Ngati mafunso awa ayankhidwa pachiyambi, ana a ana athu adzapeza malowo ali ndi madzi abwino ndi mbalame zake.