Njala ya Nthaka ya kwa Njombwa

Kale, mitengo ya tsamba, mombo ndi msuku isanathe m'zigwa za Kasungu, mlimi wa kwa Njombwa akafuna kuswa mphanje ankagwetsa mitengo, naunjika nthambi zake, nazitentha m'chilimwe, ndipo pamene pagwa phulusa lambiri ndi pamene chimanga ndi mawere zinkakondwa koposa. Nthaka ikaguga, ankaisiya tsala kufikira tchire litaibwezera mphamvu. Chimene makolowo ankakolola m'phulusa ndi fosifeti, mchere umene mtengo unkatola pang'onopang'ono ndi mizu yake yakuya, umenenso moto sunkatha kuuuluza pamodzi ndi utsi.

Fodya ndiye anasintha mwambo umenewu. A. F. Barron ndi R. W. Wallace atayamba kumulimitsa ku Lilongwe mu 1920, ndipo Boma litakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926, fodya wa chikopa anafalikira m'Chigawo cha Pakati. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation linayesa fodya wa fuluu ku Kasungu, ndipo pofika m'ma 1970, m'masiku a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, maesiteti anachuluka, nkhalango zinalowa m'mabalani, anthu anaswana, kotero kuti munda sunapezenso chaka chopuma. Pamenepo njala ya nthaka inayamba kuonekera poyera: chimanga chopinimbira, mizu yofooka, masamba aang'ono ofiirira m'mphepete ngakhale mvula ikugwa bwino.

Chipulumutso chinabwera m'thumba. Ku England, John Bennet Lawes anali atapeza kale mu 1842 njira yosungunula mafupa ndi asidi kuti zomera zimwe fosifeti wake msanga, ndipo zidzukulu za feteleza ameneyo ndizo D compound wokulitsa fodya ndi 23:21:0+4S amene kwa zaka zambiri ankakulitsa chimanga, ndipo nambala yake yapakati ikunena za fosifeti. Koma thumba lili ndi zowawa ziwiri. Choyamba, limachokera kutsidya kwa nyanja kudzera ku Beira ndi Nacala, ngakhale miyala ya fosifeti ilipo ku Tundulu m'boma la Phalombe, ndipo mtengo wake unavuta kufikira Boma linayamba makuponi mu 2005. Chachiwiri, gawo lalikulu la fosifeti wothiridwa mumzere limamangidwa ndi chitsulo cha m'dothi, makamaka m'katondo, mbewu isanalawe. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Fosifeti wako nayenso ndi yekhayo amene walowa m'muzu.

Tsono ndani amamasula womangidwayo? Ofufuza anapeza kuti ndi mabakiteriya ndi nkhungu za m'nthaka, zimene zimatulutsa asidi wosungunula fosifeti wogwidwa ndi dothi, ndiponso maenzaimu otchedwa phosphatase odula fosifeti pa zinyalala zowola. Mu 1960 mayi Annamaria Torriani anasonyeza kuti bakiteriya wa E. coli amapanga enzaimu yotereyi yochuluka pokhapokha fosifeti akamusowa. Ndipo Stanley Cohen ndi Herbert Boyer atapeza mu 1973 luso losamutsa majini kuwalowetsa m'bakiteriya, anthu anayamba kuweta tizilomboti m'mathanki kuti tiwapangire maenzaimu oyera. Lero alkaline phosphatase amagulitsidwa m'timabotolo tosungidwa mozizira: katswiri wa m'labotale amachotsera nayo fosifeti kunsonga za DNA, kapena kuyezera magazi, dontho likasintha mtundu nadziwa kuti nthenda ilimo. Mbale wake phytase amasakanizidwa m'chakudya cha nkhuku, kuti fosifeti wobisika m'madeya ndi m'soya asangotuluka ndi zitosi.

Nzeru zimenezi, ngakhale zinabadwira kutali, zikulankhula ndi mlimi aliyense wopita ndi mabelo kumsika wa fodya ku Chinkhoma. Antchito osaoneka ndi maso aja alimo kale m'munda mwake, koma chakudya chawo ndi mapesi, masangwe ndi manyowa. Ndipo wotentha mapesi chaka ndi chaka pamunda umodzimodzi, wopanda tsala loubwezera mphamvu, akuwapha ndi njala. Iye amene afotsera zinyalala mumzere, nasinthanitsa fodya ndi mtedza kapena soya, nathira ndowe za m'khola pamodzi ndi feteleza amene wakwanitsa kugula, adzaona thumba limodzi likugwira ntchito yoposa kale, ndipo adzasiyira ana ake nthaka yodziwa kudzidyetsa.